Hadi disiki yaing'ono: koipeza, moiyesera, ndi moifufutira kuti zinsinsi zisatsalemo

Amene akufunafuna hadi disiki (chipangizo chosungira mafayilo m'kompyuta) ya 40GB, 80GB kapena 160GB asadzivute n'kuzungulira m'masitolo a katundu watsopano. Mafakitale anasiya kalekale kupanga madisiki otere. Makampani opanga ma hadi disiki atsala atatu okha padziko lonse: Seagate, Western Digital ndi Toshiba. Mayina ena amene mumawaona pa madisiki akale analowa mwa atatuwa. Maxtor inagulidwa ndi Seagate mu 2006, gawo la madisiki la Samsung linapitanso ku Seagate mu 2011, ndipo la Hitachi linapita ku Western Digital mu 2012. Chifukwa chimene anasiyira ang'onoang'onowo n'chosavuta kumva. Disiki iliyonse, kaya isunga zochepa kaya zambiri, imafuna mota, mutu wowerengera, bodi ndi chikuto chachitsulo. Masiku ano mbale imodzi yokha yozungulira ya m'katimo, pomwe pamalembedwa zinthu, imanyamula 1TB kapena kuposa, ndiye kupanga ya 80GB kungadye ndalama pafupifupi zofanana ndi ya 1TB. Angaigule ndani?

Choncho pafupifupi disiki yaing'ono iliyonse imene mungaipeze lero ndi ya kaunjika. Inakhalapo m'kompyuta ya munthu wina, inasungapo makalata ake, zithunzi za ana ake, malipiro a antchito ake. Wogula ndi wogulitsa onse ali ndi ntchito imodzi yofunika kuigwira disikiyo isanachoke m'manja ena kupita m'manja ena, ndiyo kuifufuta mokwanira.

Yambani mwadzifunsa ngati yaing'onoyo mukuifunadi

Ambiri amene amafunsa ya 80GB amangofuna yotchipa, yoti alowetsemo Windows ndi Word basi. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, ndipo kompyuta yanu ili ndi polowetsa chingwe cha SATA (onani pansipa momwe mungachidziwire), gulani SSD, disiki yosungira zinthu m'machipi ngati fulashi, ya 120GB kapena 128GB. Zimenezi zimapezeka zatsopano, sizikhala ndi mbale zozungulira, ndipo kompyuta yaulesi imachangamuka tsiku lomwelo. Ndikanakhala ine sindikanaika ndalama pa disiki ya zaka 15 pomwe SSD ikupezeka.

Koma alipo ena amene alibe kuchitira mwina. Kompyuta yakale yoyendetsa makina osindikizira, makina opeta nsalu kapena chipangizo cha mu labotale, yomwe pulogalamu yake imangoyenda pa Windows 98 kapena XP, simalandira disiki iliyonse. Makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2002 sawerenga kupitirira 137GB, chifukwa njira imene ankawerengera malo a pa disiki inkathera pomwepo. Windows XP nayonso inayamba kuona zoposa 137GB itabwera Service Pack 1, zokonza zimene Microsoft inaonjezeramo. Ena akale kwambiri amaimira pa 32GB, n'chifukwa chake madisiki ena a nthawi imeneyo ali ndi kajampala (kapulasitiki kolumikiza mapini awiri) kumbuyo kochepetsera kukula kwake. Mukaika yaikulu m'makina otere, mwina saiona n'komwe, mwina amaona mbali yake yokha, ndipo nthawi zina mafayilo amaonongeka zolembedwa zikadutsa malirewo.

Tsegulani kompyuta, muone chingwe

Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, chotsani chivundikiro. Mukaona chingwe chophwatalala, chotuwa, cha mapini 40, imeneyo ndi IDE, ena amati PATA. Ya m'laputopu imakhala ndi mapini 44 chifukwa magetsi amadzeranso pomwepo. Mukaona kachingwe kowonda, kawirikawiri kofiira kapena kakuda, imeneyo ndi SATA, yomwe inayamba kufala cha mu 2003. Onaninso kukula kwa thupi lake: mainchi 3.5 ndi ya kompyuta ya pa desiki, mainchi 2.5 ndi ya laputopu. Jambulani chizindikiro cha pamwamba pa disikiyo ndi foni, mupite nacho kogula.

IDE ikakusowani, musataye mtima. Pali tiziadaputa tolumikiza disiki ya SATA ku chingwe cha IDE, ndi tina tolowetsamo memori khadi ya CompactFlash. Khadi imeneyi imamvana ndi IDE mwachibadwa, ndipo ya 8GB kapena 16GB imakwanira makina ambiri amene ntchito yawo n'kuyendetsa pulogalamu imodzi. Mukamaika disiki ya IDE, kumbukirani kajampala ka Master ndi Slave. Madisiki awiri akakhala pa chingwe chimodzi, imodzi ikhale pa Master, inayo pa Slave; onse akakhala pa Master, kompyuta ikhoza kulephera kuwaona.

Kofunafuna

Amisiri okonza makompyuta ndiwo oyamba kuwafunsa, chifukwa akaika SSD m'kompyuta ya kasitomala disiki yakale imatsalira m'dirowa. Masukulu, mabungwe ndi maofesi amene akusintha makompyuta amakhalanso ndi mulu wake. Amene muli ku Britain kapena ku South Africa muyang'ane pa eBay ndi pa Facebook Marketplace. Palinso kwina kumene anthu saganizirako: PlayStation 3 yakufa ili ndi disiki ya SATA ya mainchi 2.5, zina za 40GB, 80GB kapena 160GB, ndipo madekoda akale ojambula mapulogalamu a pa TV nawonso ali ndi disiki m'kati. Mukapeza zabwino, gulani ziwiri. Imodzi muigwiritse ntchito, inayo mukopereremo zonse n'kuisunga pouma, pakuti disiki yokalamba simatsazika ikamafa.

Yesani musanalipire

Pitani ndi laputopu, kachingwe kolumikiza disiki ku USB, ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Mukailumikiza, tcherani khutu poyamba. Disiki yathanzi imalira pang'ono poyamba kuzungulira, kenako n'kumveka kamphepo chabe. Ikamagogoda tiki, tiki, tiki, n'kuima, n'kuyambiranso, bwezani.

Pa sikirini pakaoneka bokosi la buluu lolembedwa Good, ndiye chiyambi chabwino. Lachikasu la Caution kapena lofiira la Bad, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Kenako yang'anani mizere itatu. Power On Hours ikuuzani maola amene disikiyo yagwira ntchito. Chaka chathunthu choyaka usana ndi usiku ndi maola 8,760, ndiye mukaona 45,000 dziwani kuti yazungulira zaka zoposa zisanu osapuma. Reallocated Sectors Count ndi malo amene anaonongeka ndipo disiki inasamutsira zinthu kwina. Current Pending Sector Count ndi malo amene ikulephera kuwerenga panopa. Mizere iwiri yomalizayi iyenera kukhala pa ziro mu danga lakumapeto la Raw Values.

Musakangane ndi wogulitsa mukaona ya 80GB ikuonetsa 74.5GB, kapena ya 500GB ikuonetsa 465GB. Sanakubereni. Opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000 pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024.

Mukapezamo mafayilo a mwini wake wakale, chonde musawatsegule. Si anu, komanso mavairasi amabisala m'menemo. Pitani molunjika ku ntchito yofufuta.

Kudilita ndi kufomata mwachangu sikuchotsa kanthu

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika, ngakhale ophunzira bwino. Mukadilita fayilo n'kukhuthula Recycle Bin, kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda, n'kulemba kuti malowo ndi opanda mwini. Zili ngati kufufuta dzina la mwini munda m'kaundula wa amfumu: chimanga chikadali chiimire m'mundamo mpaka wina adzalimepo. Quick Format nayo imangolemba mndandanda watsopano. Mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amabweza zithunzi ndi makalata otere, ndipo mwana wa sekondale akhoza kuwagwiritsa ntchito.

Vutoli si lachilendo. Mu 2003, Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat a ku yunivesite ya MIT ku America anafalitsa zimene anapeza atagula madisiki akale 158, ambiri pa eBay ndi m'masitolo a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Mwa madisikiwa, 129 ankagwirabe ntchito, koma 12 okha ndi amene anali ofufutidwa bwino. M'madisiki enawo anapezamo manambala a makhadi a ngongole oposa 5,000, zolemba za kuchipatala ndi makalata a anthu, ndipo imodzi inaoneka kuti inachokera m'makina a ATM. Ganizirani zimene zili m'kompyuta ya sukulu, ya kiliniki kapena ya gulu la banki m'khonde: mayina, manambala a zitupa za unzika, zotsatira za kuyezetsa magazi, ngongole za anthu. Munthu amene zinsinsi zake zatayika chonchi sadziwa n'komwe kuti zinatulukira pati. Lamulo nalonso layamba kulankhulapo. Ku Malawi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act linakhazikitsidwa mu 2024 ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woyang'anira, ku Zambia lamulo lofanana nalo linabwera mu 2021, ndipo ku South Africa kuli lamulo lotchedwa POPIA.

Kufufuta kwenikweni ndi kulemba zinthu zina pamwamba pa malo onse a disiki, kuyambira poyambirira mpaka pomalizira.

Musanayambe

Ngati disikiyo ndi yanu, koperani zonse zimene mukufuna, ndipo tsegulani mafayilo angapo kumene mwakoperako kuti mutsimikize kuti akutseguka. Mukayamba kufufuta palibenso kubwerera. Kenako zulani madisiki ena onse ndi mafulashi amene simukufuna kuti akhudzidwe. Ngozi yaikulu pa ntchito imeneyi ndi kufufuta disiki yolakwika, ndipo kuzula chingwe ndiko chitetezo chosalephera. Lembani papepala dzina la disikiyo, kukula kwake ndi serial number yake.

Ganiziraninso za magetsi. Ya 80GB imatha m'theka la ola kapena kupitirira pang'ono, ya 500GB pafupifupi ola ndi theka, ya 1TB maola awiri kapena atatu. Mukadzera pa USB 2.0 ya 500GB ikhoza kudya maola asanu. Magetsi akazima pakati, mbali ya disikiyo imatsala yosafufutidwa, ndipo muyenera kuyambiranso. Gwiritsani ntchito laputopu ya batire lamphamvu, UPS (batire losungira magetsi a kompyuta) kapena sola.

Njira ya Windows

Iyi ndi ya disiki imene mwailumikiza ngati yachiwiri, osati imene Windows ikuyendapo. Tsegulani Command Prompt (windo lakuda lolemberamo malamulo) ngati Administrator, lembani `diskpart`, kenako `list disk`. Muona mndandanda wa Disk 0, Disk 1, ndi kukula kwa iliyonse. Yerekezani ndi pepala lanu lija. Tinene kuti yanu ndi Disk 1: lembani `select disk 1`, kenako `detail disk` kuti muone dzina lake n'kutsimikiza. Mukakhutira, lembani `clean all`.

Mawu akuti `all` musawaiwale. Mukalemba `clean` yekha zimatha m'kamphindi, ndipo mafayilo onse amakhala alimobe. `clean all` imalemba maziro pa disiki yonse. Pa sikirini sipaoneka chilichonse chosonyeza pamene ntchito yafika, kamzere kokha kakuphethira, ndipo mungaganize kuti kompyuta yaima. Isiyeni. Ikamaliza imalemba yokha kuti yatha.

Kufomata mutachotsa chizindikiro pa Quick Format kumalembanso maziro, koma kuyambira pa Windows Vista kupita mtsogolo. Pa Windows XP kunkangofufuza malo oonongeka osafufuta kanthu, ndiye amene mukugwiritsabe ntchito XP musadalire njira imeneyi. Komanso kufomata kumakhudza gawo limene mwasankha lokha, pomwe `clean all` imatenga disiki yonse.

Ngati mukufuna kufufuta disiki imene Windows ikuyendapo, yatsani kompyuta kuti iyambire (kubuta) pa fulashi yolowetsera Windows. Ikafika posankha chilankhulo, dinani Shift ndi F10 pamodzi, ndipo Command Prompt itseguka. Kuchokera apo njira ndi yomweyo.

Njira ya fulashi ya ShredOS

Amisiri akale amadziwa DBAN, pulogalamu yofufutira madisiki yomwe inathandiza anthu zaka zambiri. Koma inasiya kukonzedwa mu 2015, ndipo pa makompyuta ambiri atsopano imakana kubuta. M'malo mwake tengani ShredOS, yaulere, yomwe ili ndi pulogalamu ya nwipe m'kati. Iikeni pa fulashi pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher. Yatsani kompyuta mukudina batani losankhira pobutira: F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP. Mndandanda wa madisiki ukabwera, sunthani ndi mivi, dinani Space pa disiki yoti ifufutidwe, dinani M kuti musankhe njira, musankhe Fill With Zeros, ndiye dinani Shift ndi S. Onetsetsani kuti simunasankhe fulashi imene mwabutira. Ubwino wake ndi wakuti imaonetsa pamene yafika ndi nthawi yotsala, imatha kufufuta madisiki angapo nthawi imodzi, ndipo mitundu yatsopano imatulutsa lipoti la PDF loti muike mufayilo ya ofesi.

A Linux angathe kuona dzina la disiki ndi `lsblk`, kenako n'kulemba `sudo shred -v -n 0 -z /dev/sdX`, kuika chilembo choyenera pamene pali X.

Kangati?

Mu nwipe muona njira zolemba katatu, kasanu ndi kawiri, mpaka ka 35. Ya ka 35 inachokera mu pepala la katswiri wa makompyuta Peter Gutmann la mu 1996, ndipo inakonzedwera mitundu ya madisiki imene inalipo nthawi imeneyo ndi kumbuyo kwake. Iye mwini analemba pambuyo pake kuti madisiki amakono safunika zonsezo. Malangizo a boma la America otchedwa NIST SP 800-88, amene mabungwe ambiri amatsatira, amavomereza kuti kulemba kamodzi pa hadi disiki yamakono kumakwanira. Ndiye kamodzi basi. Disiki ya zaka 15 mukaizunguza ka 35 mukhoza kuipha musanaigwiritse n'komwe ntchito, ndipo simupindulapo kanthu.

Pali malo amodzi amene maziro safikako: aja oonongeka amene disiki inawatseka yokha. Ngati Reallocated Sectors ndi ochuluka ndipo munali zinthu za odwala kapena za ndalama za anthu, disiki imeneyo musaigulitse, iphwanyeni.

SSD, mafulashi ndi mamemori khadi ndi nkhani ina

SSD simalemba pamalo pomwe mwaiuza. Imamwaza zolembedwa m'tizipinda tosiyanasiyana kuti tisathe msanga, ndipo ili ndi malo ena apadera amene Windows sawaona. Maziro akhoza kudutsa, zina n'kutsala. Njira yake ndi kuiuza SSD kuti idzifufute yokha ndi lamulo la Secure Erase kapena Sanitize. Makompyuta ambiri a Dell, HP ndi Lenovo ali nalo mu BIOS (makonzedwe a kompyuta amene mumalowamo mukangoiyatsa, Windows isanatseguke), pansi pa Security kapena Maintenance. Apo ayi gwiritsani ntchito pulogalamu ya kampani imene inapanga SSD yanu, monga Samsung Magician, Kingston SSD Manager kapena Crucial Storage Executive. Ilumikizeni molunjika ku SATA, osadzera pa USB, chifukwa tiziadaputa tambiri sitidutsitsa lamuloli bwino. Zimatha m'mphindi zochepa, ndipo zimenezo zisakudabwitseni.

Mafulashi ndi mamemori khadi alibe lamulo limeneli. Afomateni mwathunthu, koma ngati munali zinsinsi zazikulu, aphwanyeni ndi pulayala mpaka kachipi kakuda kam'kati kasweke.

Kwa amene mukungoyamba kugwiritsa ntchito disiki, ndikupemphani kuti muyatse BitLocker kapena muike VeraCrypt kuyambira tsiku loyamba. Zonse zolembedwamo zimakhala zokhomedwa, ndipo ngakhale disiki itafa mwadzidzidzi kapena laputopu itabedwa, wopanda kiyi sawerenga kanthu.

Tsimikizani ndi maso anu

Musangokhulupirira uthenga wakuti yatha. Tengani pulogalamu yaulere ya HxD, itseguleni ngati Administrator, musankhe kutsegula disiki yonse. Muyenera kuona mizere ya 00 00 00 yokhayokha. Dumphirani pakati, dumphiraninso kumapeto. Mukaona mawu owerengeka paliponse, bwerezani ntchito. Kenako yendetsani PhotoRec pa disikiyo. Ikabwerako chimanjamanja, ntchito yatheka. Pomaliza yang'ananinso CrystalDiskInfo, chifukwa kulemba disiki yonse kumaulula zofooka zimene zinabisala. Ngati manambala aja a Reallocated ndi Pending akadali pa ziro, disikiyo mukhoza kuidalira, kuigulitsa kapena kuipereka ku sukulu.

Disiki yakufa

Disiki imene kompyuta sikuiona simungailembe maziro, koma mbale zake zikadali ndi zonse, ndipo katswiri akhoza kusintha bodi n'kuziwerenga. Mukapititsa kompyuta kokonzetsa n'kukuuzani kuti disiki yafa, uzani mmisiri mwaulemu kuti, "Achimwene, yakaleyo mundibwezere." Ndi yanu. Chimodzimodzi fotokope zikuluzikulu za mu ofesi ndi makina ojambulira a CCTV: zambiri zili ndi disiki m'kati, ichotseni musanagulitse.

Kuiviika m'madzi sikuthandiza, ndipo maginito a sipika sachita kanthu. Kuiwotcha pa mbaula kumangokupumitsani utsi wa poizoni, mbale n'kutsala zili bwinobwino. Chofunika ndi kuononga mbalezo. Pezani sikuludiraiva ya nyenyezi, ya Torx, kawirikawiri T8 pa madisiki akuluakulu ndi yocheperapo pa a laputopu. Masulani zomangira zonse za pa chivundikiro. Chikakanirira, yendetsani chala pamwamba pa pepala la chizindikiro, mumva kadzenje: pamenepo pabisala chomangira china, nthawi zina ziwiri. Mukatsegula muona mbale yonyezimira kwambiri, ndi kamkono kowonda kogona pambali pake.

Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi. Mbale za madisiki a mainchi 3.5 nthawi zambiri ndi za aluminiyamu: zipaleni ndi sandipepa mbali zonse ziwiri, zipindeni ndi hamala, kapena zibooleni malo angapo. Za laputopu zambiri ndi zagalasi ngakhale zimaoneka ngati chitsulo, ndipo zimaphulika n'kumwazika tizidutswa takuthwa. Zikulungeni m'chiguduli chokhuthala musanamenye, ana ali kutali. Ngati mulibe Torx, boolani disiki yonse ndi dirilo malo atatu kapena anayi mozungulira pakati. Ya laputopu mukaigwedeza n'kumva tizidutswa tikuchita waya-waya m'kati, mbale yasweka.

M'katimo mulinso maginito awiri amphamvu kwambiri amene amatsina chala mpaka kutuluka magazi, ndiye asungeni kutali ndi ana, makhadi a kubanki ndi madisiki ena. Chikuto cha aluminiyamu ogula zitsulo zakale amachitenga. Bodi yobiriwira musaitaye kudzala kapena m'chimbudzi, isungeni pamodzi ndi zinyalala zina za zipangizo zamagetsi. Ngati disikiyo inali ya ofesi, lembani m'buku serial number yake, tsiku, njira imene mwagwiritsa ntchito, ndi mayina a anthu awiri amene analipo, onse asayine.